Nthambi za Nagama pa Mphambano

Kunali munthu wina woluka malichero ndi madengu, amene anakakwatira kumudzi wa kuchigwa, kutali ndi kwawo. Dzina lake tilisiye, si limene tadzera pano. Manja ake anali ndi nzeru. Akagwira nsungwi, kuing'amba, kuipala ndi kampeni kake, lichero lotuluka pamenepo amayi ankapeta nalo zaka zisanu mkombero usanamasuke. Koma munthuyu anali ndi chilema chimodzi chosaoneka ndi maso. Njira sinkakhala m'mutu mwake.

Musaganize kuti anali wopepera, iyayi. Nyimbo za m'tchalitchi ankazidziwa pamtima, ndime zonse. Ankakumbukira chaka chimene dzombe linagwa, ndi mayina a ana onse obadwa chaka chimenecho. Koma mukamutembenuza kawiri pabwalo, basi, kum'mawa ndi kumadzulo kwasinthana malo. Njira imene wadutsa popita, pobwerera inkakhala yachilendo. Mtengo umene unali kumanja wasamukira kumanzere, chulu chimene anachiona sichikuonekanso, ndipo mtima wake unkayamba kugunda ngati wa njiwa yogwidwa m'manja. Kwawo kumene anabadwira kunali phiri lalikulu, akasokonezeka ankangokweza maso n'kudziwa kolowera. Kuchigwa kuno kunalibe phiri. Kunali minda yofanana, mitengo ya mango yofanana, ndi tinjira tambirimbiri togawikana ngati mizu ya nthochi.

Chaka choyamba cha chikamwini, apongozi anamutenga kukamuonetsa munda. M'mawa mwake anadzuka yekha, khasu paphewa, kuti akaonetse kuti mwana wawo wakwatiwa ndi mwamuna. Anapalira kuyambira mame asanakamuke mpaka dzuwa pamutu, mizere makumi awiri, kupalira kosasiya ndi kaudzu komwe. Akupukuta thukuta, anaona munthu ataima kumalire, manja kumbuyo, akumwetulira. Anali Lameki, mnzake wa msinkhu umodzi, munthu wa nthabwala. Mundawo unali wa Lamekiyo.

"Zikomo kwambiri, alamu," anatero Lameki. "Mawa mulawirirenso, kwatsala kumunsiku."

Nkhaniyo inafika kumudzi iye asanafike. Kuyambira tsiku limenelo Lameki sanamuitanenso dzina lina koma "alimi anga". Mawu awiri okhawo, koma analowa ngati munga wa m'chidendene, wosaoneka kunja koma wobaya pa phazi lililonse.

Mkazi wake, Nagama, sanaseke. Sanafunsenso kanthu. Mawa lake anatuluka ndiye moyamba, mtsuko pamutu ngati wopita kuchitsime. Mwamunayo atanyamuka, mtima uli m'mwamba, anafika pa mphambano yoyamba n'kupeza nthambi yaiwisi ya mango itagonekedwa mopingasa pa njira imodzi. Mukuudziwa mwambo wa apaulendo. Wotsogola akafika pogawikana njira, amathyola nthambi n'kuigoneka pa njira yosayenera kulowa, kuti wobwera m'mbuyo adziwe kuti iyi yatsekedwa. Munthu uja anatenga njira yotseguka. Pa mphambano yachiwiri, nthambi ina. Pa yachitatu, inanso. Anatulukira m'munda wa apongozi ake, n'kupeza Nagama wayamba kale mzere. Anayang'anana kamodzi. Mkazi anaweramira khasu lake, mwamuna naye anaweramira lake.

Zinakhala choncho zaka makumi atatu. Likakhala tsiku la msika, Nagama ankakhala atadutsa kale. Likakhala tsiku lokadula nsungwi kumtsinje, ankakhala atadutsa dzulo lake madzulo. Akamayenda limodzi, mwamuna patsogolo monga ankachitira anthu a nthawi imeneyo, mkazi m'mbuyo atasenza madengu, pofika pa mphambano Nagama ankangoti, "Samalani minga kumanjako, bambo a Esinati." Kunalibe minga. Mwamunayo ankadziwa kuti akhotere kumanzere. Esinatiyo anali mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anawasiyira.

Koma moyo woterewu, abale anga, ndi moyo wopanikizika ngati nsapato yaing'ono. Akafuna kumutuma uthenga wa maliro kumudzi wina, ankati bondo likupweteka. A mpingo atamupempha kuti aziyendera odwala m'midzi, poti ankadziwa kuimba ndi kutonthoza, anakana, anthu n'kumati ndi wonyada. Mayi ake omubereka atamwalira kuphiri kuja, Nagama anali ndi mwana wa masiku atatu, sakanatha kuyenda. Munthuyu ananyamuka yekha, anazungulira masiku awiri, anafika manda atakwiriridwa kale, n'kunama kuti mtsinje unadzaza. Dziko lake linatsala laling'ono: khonde, munda, mtsinje, msika. Kupitirira pamenepo kunali mdima ngakhale masana.

Kamodzi kokha Nagama anayesa kuikhudza nkhaniyi. Imvi zinali zitayamba kwa onse awiri. Anali pakhonde, mwamuna akuluka, mkazi akutongola chimanga. Anayankhula osakweza maso.

"Bambo a Esinati, kufunsa njira sikumeta munthu ndevu. Ine sindidzakhala patsogolo panu masiku onse."

Mwamunayo anapitiriza kuluka. Patapita kanthawi anati anthu anamuseka kamodzi, ndipo sadzamusekanso kachiwiri. Mumtima mwake ankakhulupirira kuti za munda wa Lameki anthu ankaziyesa ngozi ya mlendo, ndipo chinsinsi chenichenicho chinali cha anthu awiri okha. Nagama anausa moyo, n'kupitiriza kutongola chimanga chake.

Kenaka kunadza chaka china, mwezi wa fumbi ndi akamvuluvulu, anthu atakolola, mbuzi zikuyenda zosamangidwa. Nagama anali atatha sabata akutsokomola. Ankati ndi chimfine cha mphepo. M'mawa wina mwamuna wake anapita kumtsinje kukadula nsungwi, ndipo pobwera, dzuwa litakwera pang'ono, anapeza chitseko chili pululu, mkeka palibe. Mayi wa nyumba yoyandikana, Nankhoma, anathamangira kudzamuuza. Anati Nagama anagwa pafupi ndi nkhokwe, mpweya ukubanika, ndipo amunyamula pa ngolo kupita naye kuchipatala cha mishoni, Esinati ali naye. Anati pokwezedwa pa ngolopo anagwira dzanja la Nankhoma n'kumuuza kuti bambo a Esinati abwere msanga, asachedwe ndi pang'ono pomwe, ali nawo mawu.

Kuchipatalako munthuyu anali atapitako kawiri kokha, kawiri konseko Nagama ali m'mbuyo mwake. Sikunali kutali. Munthu wodziwa njira akanyamuka nthawi imeneyo ankafika dzuwa lisanafike pamutu. Nankhoma anamuyang'ana, n'kufunsa mwaulemu ngati angamuperekeze, poti nayenso ankafuna kukaona wodwalayo. Iye anati ayi, asavutike, iye ayenda mothamanga. Anapinda bulangete la mkazi wake, anatenga kapu yake yachitsulo imene ankakonda kumwera madzi, n'kuuyamba.

Pa mphambano yoyamba, pa mtengo wa mkuyu, anapeza nthambi ya mango, masamba ake asanafote. Misozi inalengeza m'maso mwake. Munthu akulephera kupuma pa ngolo, koma wakumbukira kuuza mwana wake kuti atsike akatseke njira. Pa mphambano yachiwiri, pa chitsime chakale, nthambi. Pa yachitatu, kuseri kwa chigayo, nthambi. Anayenda ngati mnyamata.

Mphambano yachinayi inali poyera, popanda mtengo pafupi. Pambali pake anthu ankaumba njerwa, amuna anayi akuponda dothi, amayi akutunga madzi. Njira ziwiri zinali patsogolo pake, zonse zotseguka, zonse zokhala ndi mikwasa ya ngolo, poti ngolo zotuta mchenga zinkadutsa konsekonse. Chapatali mbuzi ziwiri zinkakokerana kamtengo kotheratu masamba.

Ndipo pa chikombole chovundikira, akuyang'anira ntchito ya njerwazo, panakhala Lameki, mutu uli mbuu ndi imvi.

Mwa anthu onse a m'dziko, Lameki! Munthu wathu sanachedwetse phazi. Anaopa kuti akaima, aoneka kuti sakudziwa. Anapereka moni wapakhosi, n'kulowa njira ya kumanja ngati munthu wobadwira pomwepo. Atayenda mapazi khumi anamva mawu m'mbuyo.

"Alimi anga, mwaiwala chiyani uko? Ngolo yadzera iyi, ya kumanzereyi."

Mmodzi mwa amayi otunga madzi anaseka. Kapena ankaseka zake zina, ndani adziwa. Koma kusekako kunamufika m'makutu. Anaima. Taonani pamene anaima munthuyu, abale anga. Njira yoona auzidwa, asanafunse n'komwe. Chotsala ndi mapazi khumi okha obwerera m'mbuyo, pamaso pa anthu asanu ndi atatu. Kutsogolo kwa mapazi khumiwo kuli mkazi wake, maso ali pakhomo la chipatala.

"Ndikudziwa," anatero osatembenuka. "Ndikudzera yachidule."

"Uko kulibe chidule, alamu. Uko n'kudambo la ng'ombe."

Munthu uja sanabwerere. Anapitirira. Lameki anaimirira, anafuna kumutsatira, koma anaganiza kuti munthu wamkulu samukoka dzanja pamaso pa anthu, n'kukhalanso pansi mtima usakufuna.

Nzeru ya munthu uja inali yakuti akangobisika kuseri kwa tchire, adula chakumanzere kudzera m'minda, n'kukatulukira m'njira yoonayo popanda womuona. Kwa wina ikanakhala nzeru. Kwa iye kunali kudziponya m'madzi osadziwa kusambira. Analowa m'minda ya mapesi, anazemba chitsamba cha minga, anazungulira chulu, ndipo atakweza mutu, kumanzere kuja sankadziwanso kumene kwapita. Dzuwa linali pamutu penipeni, losaloza kulikonse. Anadutsa m'chitedze, thupi lonse kuyabwa ngati moto. Anapeza kanjira, anakatsata mokondwa, kanakathera pa chithaphwi pomwera ng'ombe. Anapeza kena, kanakathera pa dzenje la makala.

Anakumana ndi amayi atatu atasenza nkhuni. Anamupatsa moni, n'kuyang'ana bulangete ndi kapu ndi minga m'miyendo ya thalauzi. Funso linafika mpaka pamano. Analimeza. Anati m'mtima mwake, awa ndi a m'midzi yomweyi, mawa nkhani ikhala pachitsime.

Nthawi ina mphepo inabweretsa kulira kwa belu la kumishoni. Anaima, anatchera khutu, anatembenukira uku, anatembenukira uko. Belulo linkamveka ngati likuchokera mbali zonse. Pamenepo anagwada m'mapesi n'kupemphera, poti anali munthu wopemphera. Koma tamverani pemphero lake. Anati, Ambuye, ndifikitseni kwa mkazi wanga popanda wina kudziwa kuti ndasochera. Ngakhale pamaso pa Mulungu ankafuna zinthu ziwiri, mkazi wake ndi ulemu wake, ndipo sanafune kusiyapo chimodzi.

Dzuwa litapendeka, mithunzi itatalika, anamva fungo la dothi lonyowa. Anatuluka patchire n'kuona mizere ya njerwa zaziwisi, amuna anayi akusamba m'miyendo, ndi Lameki akumanga zikombole pa njinga. Tsiku lonse lathunthu, wabwerera pomwe paja.

Mphamvu zinamuthera, pamodzi ndi manyazi omwe. Anayenda mpaka pamaso pa Lameki, bulangete likukwekwereka pansi.

"A Lameki, ndasochera. Ndionetseni njira."

Palibe anaseka. Ngakhale mmodzi. Lameki anamasula zikombole zija n'kuziponya pansi, anamuuza kuti akwere pakaliyala, n'kupalasa ngati si nkhalamba. Ndipo munthu wathu anaona ndi maso ake kuti kuchokera pa njerwa paja, kungokwera kamtunda kamodzi, malata a chipatala ankaoneka akuwala patsogolo.

Sanafike kumalatako. Pa mlatho wa mitengo anakumana ndi ngolo ikubwerera, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono, amayi awiri m'mbuyo akuimba chapansipansi. Pa ngolopo panali mkeka wokulunga. Esinati anali atakhala pambali pake, chitenje kumutu.

Anatsika panjinga. Kapu ija inagwa m'manja mwake n'kugubuduka mpaka m'ngalande.

Esinati sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangofotokoza, mawu ali phee. Anati mayi anatsirizika dzuwa litangopendeka. Anati m'mawa wonse chitseko chikatseguka ankadzutsa mutu n'kufunsa ngati afika. Anati chakumasana anayamba kudziimba mlandu okha, amvekere pa njerwa paja panali mbuzi, akanauza mwana kuti atsindike nthambiyo ndi mwala. Ndipo ataona kuti mpweya ukutha, anamusiyira Esinatiyo mawu aja ankafuna kunena okha.

"Anati, ukawauze bambo ako kuti azifunsa. Palibe chobisa. Mudzi wonse unadziwa kalekale."

Munthu uja anayang'ana Lameki. Lameki anayang'ana pansi, n'kuvomera kuti ndi zoona. Anati palibe m'mudzimo amene sankadziwa mwini wa nthambi zija. Ana onse ankakula atauzidwa kuti nthambi ya mango ukaipeza pa mphambano usaisunthe, ndi ya aNagama. Amayi opita kunkhuni akapeza mphepo yaikankha, ankaibwezera. Iye mwini Lameki, zaka zonsezi, akapeza ng'ombe zaipondereza, ankathyola ina n'kuikapo. Lero lokha sanaone kuti mbuzi zadya, anali kudzenje la dothi. Za "alimi anga" zija, anati, iye ankayesa ndi chibale, sankadziwa kuti zikubaya.

Zaka makumi atatu munthuyu anasenza mtolo woti anthu asadziwe, chikhalirecho anthuwo ankadziwa, ndipo ankamukonzera njira mwakachetechete. Anagula chinsinsi chimene sichinali chinsinsi, ndipo mtengo wake unali mawu omaliza a mkazi wake.

Anabwerera kumudzi akuyenda m'mbuyo mwa ngolo, dzanja lili pa thabwa. Uthenga unali utatsogola. Pofika polowera m'mudzi, anapeza anthu agoneka kale masamba aawisi mopingasa pamsewu, monga timachitira pakagwa maliro kuti odutsa atsike panjinga ndi kuvula zipewa. Anaima n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Moyo wake wonse, nthambi yogonekedwa pa njira inkamuuza kuti usalowe uku. Lero inali pa njira ya kunyumba kwake, ndipo anayenera kuidumpha.

Maliro atatha, abale a mkazi sanamubweze kwawo. Anati akalamba pano, afere pano. Anakhala zaka zina zingapo, akuluka malichero pakhonde lomwe lija. Ndipo anaphunzira kufunsa. Ankafunsa aliyense, wamkulu ndi wamng'ono, wodziwika ndi mlendo, ndipo sipanapezeke ndi mmodzi yemwe womuseka. Koma njira imene ankaifunsa kawirikawiri inali imodzi. Ankaima pa mphambano ya pamkuyu, chipewa m'manja, n'kudikira wodutsa.

"Pepani, kumanda kumene kunagona aNagama, ndidzere iti?"

Abale ndi alongo anga, fanizoli ndi lanu ndi ine. Kusadziwa njira si tchimo. Munthu uja sanadzilenge yekha, ndipo ife tonse pa ulendo wa moyo uno tinabadwa chimodzimodzi, mutu wathu susunga njira ya kwa Mulungu. Chimene chinamutayitsa si kusochera. Ndi mapazi khumi aja amene anakana kubwerera chifukwa anthu ankaona.

Alipo wina muno wayenda mapazi khumi m'njira yolakwika, ndipo mawu wawamva m'mbuyo mwake akuti si uko. Wawamva kwa mkazi wake, wawamva kwa mnzake, mwina wawamva kwa munthu amene samukonda n'komwe, poti Mulungu amatha kukhazika Lameki pa mphambano yako. Koma ukuti ndikudziwa, ndikudzera yachidule, ndikakonza ndekha kuseri kwa tchire kumene kulibe wondiona. Kuseri kwa tchireko kuli chitedze, mbale wanga, ndipo dzuwa silikudikira.

Ena mwa inu mukuyendera nthambi za anthu ena. Mapemphero a mayi anu, kupirira kwa mkazi wanu, ndi zimene zakufikitsani pano. Thokozani, koma dziwani kuti wotsekera njirayo tsiku lina adzakwera ngolo, ndipo mbuzi zidzadya masamba.

Chimene mukubisacho Mulungu anachidziwa kalekale. Sakudikira kuti akusekeni. Akudikira mawu atatu okha amene munthu uja ananena dzuwa litapendeka, pamene akanatha kuwanena m'mawa: ndasochera, ndionetseni njira. Nenani lero, chitseko chikadatseguka, ndipo wokudikirani akadadzutsa mutu kufunsa ngati mwafika.